Alonda a M'thupi mwa Uchindami

Ine ndine mlonda ku Luwinga,
zaka khumi ndi chimodzi pageti la nyumba yosungira khofi.
Chikhoti cha pakaunjika, tochi, chibonga,
wenzulo m'khosi.
Amandilipira kuti ndizikayikira.

Loweruka lija Uchindami anangonyambita chiponde
chotsalira pampeni.
Chaka chatha anadyapo, osamva kanthu.
Ulendo uno milomo inafufuma ngati mandasi m'mafuta,
zikope zinatsekana,
ziwengo zinayalana msana wonse,
ndipo m'chifuwa mwake munayamba kulira kamphaka.

Wakabaza sanatchule mtengo.
Mvula ya Mzuzu, yosadziwa kalendala,
inatiperekeza kuchokera ku Zolozolo
mpaka pakhomo la chipatala chachikulu.
Jakisoni pantchafu.
Ndinawerenga mpweya wake umodziumodzi
monga ndiwerengera matumba akamakwezedwa mulole,
kuopa kuti lina lisowa.

Kutacha, a Silungwe anatembenuza kabuku ka kuchipatala
n'kujambula timadontho kuchikuto.
"Bambo, m'thupi muli alonda.
Ena sachoka pamalo:
pansi pa khungu, m'mphuno, m'matumbo, m'njira ya mpweya.
Amenewo ndi masiti selo.
Ena, ochepa, amalondera akuyenda m'magazi,
mabesofilo.
Onse anyamula timatumba todzaza ukali.
Tsiku loyamba mtedza unangodutsa,
koma thupi linaujambula nkhope
n'kugawira mlonda aliyense chithunzi: mbava ndi iyi.
Dzulo atauona anang'amba timatumba tonse pakamodzi.
Histamini.
Mitsempha inatseguka, madzi anatayikira m'mnofu,
njira ya mpweya inafinyika.
Ena amafika mochedwa, patapita maola.
N'chifukwa chake lero simutuluka."

Ndinafunsa ngati ndi alonda oipa.
Anaseka pang'ono, akutseka cholembera.
"Ikabwera njoka ya m'mimba mumawathokoza.
Vuto lawo ndi changu chopanda maso."

Sindinayankhe.
A Silungwe sadziwa za Juni uja,
chifunga chitameza magetsi a mumsewu wa ku Karonga,
pamene ndinaona mthunzi utatsamira mpanda
ndi thumba paphewa.
Sindinawunike.
Ndinaliza wenzulo.
Anthu anatuluka m'makomo ndi miyala, mipini, njerwa zoduka,
ndipo obwera pambuyo ndiwo anamenya kwambiri,
osafunsa n'komwe kuti waba chiyani.
M'thumbamo munali makala.
Mnyamatayo ankangousa mvula.
Ndinasiya kuliza, ndinakuwa kuti basi, basi,
koma wenzulo ukalira subwerera m'kamwa.

Masiku ano amagulitsa mayunitsi kudepoti,
mwendo umodzi amachita kuukoka.
Ndikamuona ndimawoloka msewu.

Kunyumba mtedza tinaupitikitsa.
Mpiru tikudya wa tomato yekha,
mtondo wasanduka mpando wa alendo.
Uchindami amapita kusukulu ndi kapepala m'thumba la yunifolomu,
anzake akamagawana zokazinga iye amapinda manja kumbuyo.
Anandifunsa dzana:
"Adadi, alonda angawa amadana nane?"
Ndinati ayi, mwanangu, amakukonda moopsa.
Sanamvetse. Anapitiriza kusenda nthochi.

Usiku, mphepo ya ku Kaning'ina ikamalowa m'chikhoti,
ndimayankhula nawo, anzanga a ntchito imodzi,
timadontho tija ta pachikuto:
Akuluakulu, yambani mwawunika.
Funsani dzina.
Si aliyense wotsamira mpanda amene wabwera kudzaba.
Koma a Silungwe anati alibe makutu,
amangodziwa chithunzi chimene anapatsidwa.

Ndiye ndimakhala pambaula yanga mpaka tambala,
tochi kudzanja lamanja,
wenzulo ndinausamutsira m'thumba la mkati,
lokhala ndi batani lovuta kumasula.